Mwala wanga ndi sefa ya tiyi

Lolemba

Ndachokera ku chipatala cha pa boma. Ululu wa m'chiuno uja ati si ufiti, ndi mwala wa mu impso. Adokotala ati miyalayi ili mitundumitundu. Ina amayambitsa ndi tizilombo tolavulira zinthu zake mumkodzo mpaka mkodzowo kuumba mwala, ina ndi mchere ndi nyama. Wangawu akufuna auone, ndiye ndizikodzera m'sefa mpaka utuluke. Ukakhala wa tizilombo, mapiritsi basi. Ukakhala winawo, mchere ndi kanyenya ndasiyana nazo mpaka kumanda.

Mkazi wanga, make Fatsani, sakudikira zotsatira. Mchere wabisa kale.

Lachiwiri

Zonyamula popita ku kabaza: chigubu cha madzi, sefa ya tiyi, manyazi.

Dzuwa la ku Nchalo lomwe lija. Ndikumwa ngati ng'ombe, ndikuima pa mtengo uliwonse. Kasitomala wina watsikira panjira, ati wapansi afika msanga.

Lachitatu

"Bambo a Fatsani, sefa yanga ikutani m'thumba la buluku?"

Ndafotokoza bwinobwino. Make Fatsani wafunsa ngati dzulo ndinaibwezera pa thandala. Tiyi wam'mawa watayidwa yense.

Lachinayi

Anzanga pa siteji amva. Tsopano ndine "a Migodi". M'sefa mulibe kanthu. Madzulo mlamba wopanda mchere, kukoma ngati thonje. Misozi inalengeza, zoona.

Lachisanu

Sindikupalasa. Ululu watsikira kumunsi, ndikungogubuduzika pa mphasa. Apongozi abwera kudzandiona, ati pobereka akazi sachita phokoso chotere.

Loweruka

Watuluka! Kakang'ono ngati njere ya mapira, koma kundizunza konseko. Ndakatsuka, ndakayanika pa chivundikiro cha ndowa pakhonde. Ndikulowa kukafuna kabotolo, mumtima ndikununkhiza kale kanyenya.

Potuluka, tambala wa apongozi waima pomwepo. Akumeza. Akundiyang'ana ndi diso limodzi.

Lamulungu

Tambala tamupha. Apongozi sakundiyankhula, tambalayo anali wa mbewu.

Make Fatsani wang'amba nthutumba, ine ndagwada pambali. Miyala ili mbwee, yoyera, yofiirira, yonse ngati njere za mapira. Ndaisanthula mpaka maso kuwawa. Wanga sindikuudziwa.

Mkazi wanga ati poti adokotala alibe choona, tingotenga kuti unali wa mchere. Tambalayo ali pamoto, ndipo fungo lake likunena kale kuti sanathiremo kanthu.