Tsiku Limene Ndinaluma Batire la Galimoto ya Alendo

Ika foniyo pansi, iwe Edina. Wamkulu akamayankhula sumapalasa kagalasi ngati nkhuku padzala. Wakwatiwa ndi mdzukulu wanga Fanuwelo dzanadzanali, koma ndakuona kale, umabisa pakamwa kuseka mano anga awiri akutsogolo amene palibewa. Seka, mkazi mnzanga, koma udziwe kuti sopo ukusambirayo anagulidwa ndi mano amenewa. Wokayika akwere kabaza akafunse kumalire.

Fanuwelo paja amayendetsa galimoto za hayala ku Blantyre, zija amabwereka alendo odzaona dziko. Chaka chija abwana ake anagulitsa zonse za petulo n'kugula za magetsi, zoyenda mwakachetechete ngati mfiti, moti nkhuku za m'mbali mwa msewu zinatha osamva chozipha. Tsiku limenelo ananyamula azungu anayi opita ku Tete. Ankati atchaja pa Boma pa Mwanza pano, anapeza magetsi atazima. Anakakamira ulendo, galimoto n'kudzafera pachitunda pomwe ndimagulitsa manachesi. Abwana pafoni anangoti, "Alendowo akapanda kuwoloka lero, ubweretse makiyi, ntchito yatha."

Ndinamupeza mwamuna wakoyo atakhala m'ngalande, manja ali kumutu, azungu atafiira ngati tomato wa ku Nthache. Amakaniko atatu anali atatsegula kale kutsogolo, akufunafuna injini ngati inagwera panjira. Ine ndinangofunsa kamodzi, "Imayendera chiyani?"

"Batire, agogo."

Basi? Ine sukulu ndinalekeza sitandade wani, koma batire ndimalidziwa. Wayilesi ya malemu amuna anga inaimba zaka khumi ndi mabatire anayi omwewo, chifukwa akatha ndinkawayanika padenga, akatentha n'kuwaluma m'mbali, mawa lake ili pokopoko mpaka aneba kudandaula.

Ndiye ndinamanga chitenje m'chiuno, ndinakwawira pansi pa galimotoyo, n'kusolola chibatire chachikulu ngati matiresi a dabulo, cholemera kuposa thiraki ya simenti, ndinachisenza pamutu popanda nkhata, dengu la manachesi lili pamwamba pake poopa akuba, ndinakwera nacho pathanthwe n'kuchiyanika ngati makaka, koma poyang'ana kumwamba ndinaona dzuwa litapendeka kale, ndiye ndinalikalipira mmene ndimakalipirira iwemu, linachita manyazi n'kubwerera paliwombo, moti tsiku limenelo ana asukulu anaweruka kawiri. Ukumva?

Batirelo litatentha ndinalitembenuza, ndinalavulira m'manja, n'kuliluma pakona. Mwana iwe, kunang'anima mpaka ku Zobue. Duku yanga anakaitola osintha ndalama kutsidya kwa malire. Dzino limodzi linauluka n'kukamenya thiransifoma pa Boma, magetsi n'kuyaka boma lonse la Mwanza, ngakhale m'nyumba zopanda mawaya. Linalo mpaka lero silinatere, ukamva chakugunda pamutu kumsika usachitaye, ndi langa.

Ndinabwezera batire lija pamalo pake, Fanuwelo asanaponde n'komwe galimoto inali itanyamuka, pamalire sinathe kuima, ogwira ntchito pachipata ankathamanga m'mbali mwake akudinda mapasipoti pawindo, mmodzi anadinda mzungu pamphumi, inakafika ku Tete ikadali ndi ukali, inapitirira mpaka ku Beira, alendo anaona nyanja yamchere imene sanaipangane n'komwe, ndipo inayenda miyezi itatu osatchajanso. Ine ndiye sabata yathunthu madalaivala a mathiraki ankaima pamzere kupanitsa mafoni awo m'khwapa mwanga, mphindi ziwiri yadzadza. Ndikunama? Mulungu andione.

Azungu aja anakafotokoza kwawo. Lero alendo akamabwereka galimoto ku Blantyre amayamba afunsa ngati idutsa pa agogo a manachesi, ndipo za petulo akuzikana. Fanuwelo makiyi sanabweze. Ndi ntchito yomweyo imene anakupatsira lifiti n'kukunamiza kuti galimotoyo ndi yake.

Tsono ndamva zimene amakuuza kuchipinda. Akuti inabwera thiraki n'kuwakoka mpaka pamalo ogona alendo pomwe pali sola, akuti mano anga anatsalira mumzimbe chaka cha njala. Thirakiyo inalipo, sindikana, ndi chingwe chinalipo. Koma iye anali wolira, maso ali ndi misozi, akanaona bwanji kuti galimoto yathu ndi imene inkakankha thirakiyo ndi chingwecho? Za mzimbe usandifunse, mzimbe sunamugwetsepo munthu wa mtundu wathu.

Lamulungu kukubwera makolo ako kudzandiona, ndipo sindikufuna akamve za thiraki. Khala bwino, pinda miyendoyo, undibwerezere yonse kuyambira m'ngalande muja. Ukadumpha pa dzuwa paja, uyambiranso.