Tsiku limene ndinaonekera pakhoma la Giredi 7

Mukandiona ndikudutsa pasukulu yathu kuno ku Madzimoyo nditawerama ngati ndataya singano, musandifunse. Ndinena ndekha lero, kuti aja akuwonjezera mabodza pamsika atseke pakamwa.

Ine sukulu ndinalekezera Giredi 4, sindibisa. Koma mmene sukulu imayendera ndikudziwa. Mphunzitsi amalemba pabolodi, mwana amakopera m'kope, basi. Ndiye chaka chino mwana wanga Dailesi, amene alemba mayeso a Giredi 7, anayamba kubwera ndi kope loyera ngati ufa. Ndikatsegula, mizere itatu. Tsiku lina iwiri.

"Iwe, lero mwaphunzira chiyani?"

"Za mapiri ophulika moto, atate. Tinaonera pakhoma."

"Pakhoma? Khoma layamba kuphunzitsa liti?"

"Iyayi atate, a Sakala amalumikiza laputopu ku kamakina kena, ndiye zithunzi zimatuluka pakhoma. Moto umachita kuyenda ngati phala."

A Sakala amenewa ndi mphunzitsi wawo, munthu wadzulodzuloli, wa thalauzi lothina ngati anamusokera ali momwemo. Zipangizozo, pamodzi ndi sola, zinabwera ndi bungwe lina la ku Chipata. Tsono ine zithunzi zoyenda pakhoma ndinazionapo kale ku vidiyo ya pamsika, kuja amaonetsa anthu omenyana mateche. Palibe amene angandinamize. Ndinangoti, ehe, munthuyu akuonetsa ana mafilimu, iye n'kumatambasula miyendo mpaka belu lilire.

Pa msonkhano wa makolo ndinaimirira n'kunena zonsezi popanda kupaka shuga. Ahedi anati, "Atate ake Dailesi, khomo ndi lotsegula, bwerani tsiku lililonse mudzakhale nawo m'kalasi."

Ndinati, "Ndikadzera pakhomo mudzabisa. Ine si mwana." Ndipo ndinalumbira pamaso pa onse kuti ndikangomugwira mphunzitsiyo, Dailesi ndimuchotsa apite kwa azakhali ake ku Chipangali, kumene choko chikugwirabe ntchito.

Mwana analira tsiku limenelo. Amake anati, "Inu, chaka cha mayeso n'chosamutsa mwana? Mukufuna alephere?"

"Ndikufuna akhoze! Kodi mayeso adzafunsa za mafilimu?"

(Amake Dailesi nawonso ndinkawakayikira. Chilowereni m'gulu la makolo la pafoni, chilichonse ndi a Sakala atero, a Sakala atero. Mwamuna wa m'nyumba ndinali ngati wailesi yopanda mabatire.)

Lachitatu m'mawa ndinanama kuti ndikupita kukaona mtedza. Ndinavala chipewa changa cha pasalaula, pamsika wa zovala zakale paja, n'kuchitsitsa mpaka m'maso, n'kukankha njinga kudutsa m'chimanga cha sukulu kuseri kwa makalasi. Mvula inali itagwa dzulo lake, matope mpaka m'akakolo. Nditafika pa Giredi 7 ndinapeza mazenera onse a m'mbali atatsekedwa ndi makatoni. Ha! Sukulu yanji yophunzirira mumdima? Umboni woyamba umenewo.

Panatsala kazenera kamodzi ka pamwamba kumbuyo, ka zitsulo. Ndinatsamiritsa njinga kukhoma, n'kukwera pa kaliyala, n'kugwira zitsulo, n'kusuzumira.

Abale, khoma lakutsogolo linali likuwala. Chithunzi chagawika pawiri. Mbali ina kuli mzimayi wa magalasi akulankhula, wanyamula chinthu chofiira ngati papaya. Mbali inayi kuli chikhamu cha ana atakhala pansi, nkhope zosaoneka bwino. Ndiye pamwamba pa anawo, pakazenera, pali chimunthu. Chakuda bii, chipewa mpaka m'maso, chagwira zitsulo, maso akuyendayenda ngati galu wakuba mazira.

Ehe! Nayo filimu! Ndipo wakuba wafika kale!

Ndinachiyang'anitsitsa chimunthucho. Ndinati opanga mafilimu ndi ochenjera ndithu, amachita kusankha munthu woti ukangomuona udziwiretu kuti uyu wabwino ayi. Makutu otambalala, khosi ngati la nkhanga. Chipewa chokha ndinaona kuti chikufanana ndi changa, koma ndinati za pasalaula zimabwera zambiri m'belo limodzi. (Musaseke. Inu munadzionapo nokha muli pakhoma?)

A Sakala anali chilili m'mbali, manja kumbuyo, osalemba kanthu. Umboni wachiwiri. Ndinati apa pafunika mboni, mawa angakane. Ndinapisa m'thumba n'kutulutsa kafoni kanga kuti ndiimbire a Njobvu, wapampando wa makolo. Nditayang'ana pakhoma, chimunthu chija nacho chatulutsa foni. Ndinati ehe, chikuitana anzake, zinthu zivuta m'filimu umu.

Pamenepo mzimayi wa magalasi uja anasiya kulankhula. Anasendera pafupi, nkhope yake n'kudzaza theka la khoma.

"A Sakala, pepani. Kumbuyo kwa ana anu kuli munthu pazenera. Mukumudziwa?"

Ine ndinadabwa kuti munthu wa m'filimu akudziwa bwanji dzina la a Sakala. Ndisanamalize kudabwa, ana a pakhoma anatembenuka onse. Ana a m'kalasi nawonso anatembenuka onse, nthawi imodzi. Maso onsewo pa ine.

Kenako mawu amodzi, amene ndimawadziwa ngakhale pakati pa anthu chikwi.

"Atate!"

Ndinafuna kutsika mwaulemu. Koma njinga inatsetsereka m'matope n'kugwa uko, ine n'kutsala lende pazitsulo, foni pansi, miyendo ikupalasa khoma. Kuseka kumene kunabuka m'kalasi muja, ngakhale a m'chipinda cha Giredi 1 anatuluka. Ndipo kuseka kwina kunkachokera m'kamakina. Pambuyo pake ndi pamene ndinamva kuti mzimayi uja ndi mphunzitsi wa sayansi wa m'tauni ku Chipata, amaphunzitsa sukulu zitatu nthawi imodzi kudzera pa netiweki, ndipo onse amaonana. Sukulu zitatu! Ina mwa izo ya ku Chipangali komwe kuja kwa azakhali.

Amene anabwera kudzanditsitsa ndi a Sakala omwewo. Anandikumbatira miyendo yamatope ndi shati yawo yoyera.

"Siyani zitsulo, atate, ndakugwirani. Pang'onopang'ono."

Akanandinyoza bwenzi zili bwino, ndikanawayankha. Koma ulemu umenewo unandiwawa kuposa mbama. Ndinatola foni ndi njinga n'kulowa m'chimanga osatsanzika.

Mawa lake Dailesi anakana kupita kusukulu. Mkuja lake chimodzimodzi. Anangokhala kuseri kwa nkhokwe, wosandiyang'ana n'komwe. Anzake akuti ankamutcha mwana wa wakuba wa pazenera.

Amake anati, "Munkafuna kumuchotsa. Si uyo wachoka? Sangalalani."

Lolemba ndinasamba, n'kuvala jekete ya kutchalitchi, n'kupita kusukulu. Ulendo uno kudzera pakhomo. A Sakala anandionetsa ntchito za ana m'matabuleti amene amasunga mu ofesi, dzina la Dailesi lilipo, mayankho ake ali mbwee. Ndinangoti hmm. (Sindinavomere kanthu. Makina akhoza kulemba okha, ndani akudziwa?) Kenako ananena chinthu china. Akuti phunziro lililonse amalijambula n'kulisunga, kuti ana azibwereza mayeso akayandikira, poti netiweki kuno imabwera ikafuna.

"Ndiye kuti ine ndili m'menemo?"

"Mulimo, atate. Kuyambira pamene chipewa chinatulukira."

"Fufutani! Pompano!"

"Ndingathe. Koma kudula pakati sindidziwa, lichoka phunziro lonse. Linali la mtima ndi kayendedwe ka magazi, ndipo amadamu aja sabwereza. Dailesi theka lake sanamve, anali atabisa mutu pansi pa desiki. Koma nkhope ndi yanu, atate. Nenani inu."

Ndinawayang'ana nthawi yaitali kuti ndione ngati akundiseka m'mimba. Mpaka lero sindikudziwa. Chala chawo chinali pa batani, chikudikira ine.

Ndinati, "Lisiyeni."

Kunyumba ndinamuuza Dailesi zonse, mpaka za jekete. Anandiyang'ana koyamba pa masiku asanu.

"Mwalisiya? Muli momwemo?"

"Ndili momwemo. Za ku Chipangali zatha. Mawa uvale yunifomu."

"Koma musadzandiperekeze, atate."

Anabwerera kusukulu, ndipo a Sakala akuti anawakalipira ana aja za dzina lija. Ine makina amenewa sindinawakhulupirirebe, ndinene poyera. Chinthu chokuona iwe usanachione si chabwino, ndipo pa msonkhano wotsatira ndidzafunsa kuti akachizimitsa chimayang'ana kuti. Munda wanga wa mtedza uli pafupi ndi sukulu, ndiye ndikamva kalasi yonse yaphulika kuseka, ndimadziwa kuti lero akubwereza phunziro liti. Ndimangolimbikira khasu.

Koma funsani mwana aliyense wa Giredi 7 kuno kuti magazi akachoka mumtima amalowera kuti. Akuyankhani asanapume. Ndi phunziro lokhalo limene amachita kupempha okha.