A Pilato Oziziritsa Mahadi Disiki

Ku Likhubula kuno mukafunsa za malemu a Pilato, aliyense ayambira pamodzi: ankakhulupirira kuti palibe matenda a kompyuta amene sangachire ndi kuzizira. Ena amakonza ndi sikuludiraiva, ena ndi pemphero. A Pilato ankakonza ndi filiji.

Kabenchi kawo kanali pakhonde la golosale ya a Osman, ndipo sikuti anatsata mthunzi, ayi. Anatsata filiji. Munthu akabwera ndi kompyuta yokana kuyaka, ankaitsegula pamimba n'kutulutsa hadi disiki, chitsulo chija chosunga zithunzi, nyimbo ndi zinsinsi zonse za mwini wake. Ankailumikiza n'kutchera khutu ngati akumvera mpira pawailesi. Ikamalira tiki, tiki, tiki, ankapukusa mutu n'kunena kuti yatentha thupi. Kenako ankaikulunga m'majumbo n'kukaigoneka pakati pa mafirizi ndi nkhuku za a Osman. A Osman ankadandaula kuti kasitomala akumapisa dzanja kufuna firizi wofiira, n'kutulutsa ukwati wa munthu.

Nthawi zina zinkathekadi, ndipo n'zimene zinatisokoneza tonse. Hadi ikatuluka yozizira inkadzuka kwa kanthawi, ngati wodwala amene wamva fungo la nyama, iwo n'kukopera msangamsanga isanakomokenso. Ine sukulu ndinasiyira sitandade sikisi, ndiye sindinganene kuti inali sayansi kapena mwayi. Mphunzitsi wina anawauza kuti njirayo ndi yachikale, ndiponso kuti chinyontho chimamaliziratu hadi. Iwo anayankha kuti nawonso ndi achikale, koma chinyontho cha Mulanje sichinawamalize.

Nanga pa nkhani yosankha pulogalamu yoyendetsa kompyuta? Apo ndiye tinkalira. Anthu ankafuna Windozi, poti ndi imene ana awo akuidziwa. A Pilato ankafuna Linakisi, ndipo chifukwa chake chinali chimodzi: chizindikiro chake ndi kambalame konenepa ka kudziko la madzi oundana. Ankati chinthu chokulira m'chisanu sichingakhumudwitse munthu. Ankakufunsa mafunso ngati ankhoswe: umapsa mtima msanga, uli ndi ana ogwiragwira, umatha kudikira? Uyankhe mulimonse, chigamulo chinali kambalame.

Ine anandiikira pakakompyuta kanga koonera mafilimu, ndipo ndinavutika mpaka mutu kupweteka kusaka pamene pabisala nyimbo zanga. Nditabwerera kukadandaula, anandifunsa ngati ndadwalapo mavairasi. Ndinati ayi.

"Ndiye mukulira chiyani?"

"Ndikulephera kuigwiritsa ntchito, achimwene."

"Chitetezo chake n'chimenecho. Mwini wake akulephera, wakuba angathe?"

Ndinabwerera kunyumba ndi kambalame kanga.

Koma nkhani imene sitiiwala ndi ya mayi Agatha a ku Limbuli. Anafika mwezi wa Juni, atakwera minibasi kenako kabaza, kompyuta atayikulunga m'chitenje ngati khanda. Inali ya amuna awo, malemu a Lenard, amene anali kalaliki ku esiteti ya tiyi ndipo anaigula ofesi ikutaya zakale. Madzi a namondwe atalowa m'nyumba anakokolola zithunzi zonse za papepala, foni, ngakhale chitupa. Kompyuta inapulumuka chifukwa inali pamwamba pa kabati. Tsopano nayo inali itayamba tiki, tiki.

Mayiwo anati sakufuna nyimbo, sakufuna makalata. Akufuna nkhope imodzi basi. Mdzukulu wawo Joice anawafunsa kuti agogo aamuna ankaoneka bwanji, iwo n'kuyamba kufotokoza chipewa, kutsokomola, kayendedwe, koma atafika pa nkhope anapeza kuti ikuwathawa.

A Pilato anamvetsera hadi ija nthawi yaitali, osaseka ngati masiku onse. Kenako analowa m'golosale n'kupeza filiji ikutuluka thukuta. Magetsi anali atazima kuyambira dzana, mafirizi onse atasanduka madzi a shuga. Anatuluka, kuyang'ana kumwamba kumene mtambo wa chiperoni unakuta phiri la Chambe, n'kulengeza kuti Mulungu anatipatsa kale filiji yosafuna mayunitsi.

Anatuma Evance, bambo wonyamula katundu wa alendo okwera phiri, kuti akagoneke hadi kumtunda. Evance anagwira ntchito yake mokhulupirika. M'mawa mwake anatsika nayo chothamanga, ili m'thumba la malaya pafupi ndi mtima, n'kufika nayo yofunda ngati mbatata yootcha. A Pilato anaigwira, anayang'ana Evance, anayang'ananso phiri. Anati palibe kuchitira mwina: ngati chisanu chikukana kutsika, kompyuta ikwere.

Tangoganizani ulendo umenewo. Evance anasenza sikirini, osati zopyapyala za masiku anozi, koma chachimutu chija cholemera ngati thumba la feteleza. Mnzake anasenza batire ya galimoto. A Pilato ananyamula kompyuta ndi inveta yosinthira moto wa batire. Ine, poona mimba yanga, anandipatsa kiyibodi, ndipo kunena zoona kiyibodi imalemera mukadutsa mathithi. Mayi Agatha tinawapempha kuti atsale. Anakana, amvekere anathyola tiyi m'mapiri zaka zambiri ife tikusewera bawo, ndipo anatisiyadi m'mbuyo. Azungu awiri otsika anatifunsa ngati tikukatsegula ofesi. A Pilato anawauza kuti ndi chipatala.

Tinagona m'kanyumba ka alendo pa Chambe, hadi itagona panja pamwala m'majumbo ake. Kutacha udzu unali mbuu ndi chisanu, zala zosapindika. Tinayala zonse pakhonde. A Pilato analetsa aliyense kupumira pafupi ndi wodwala, ndipo ine anandithamangitsira kumapeto kwa khonde ati ndimatulutsa kutentha ngati mbaula.

Anafotokoza kuti Windozi ya a Lenard ili m'hadi yodwalayo, ndiye kuidzutsa kuli ngati kuuza wodwala kuti adzinyamule yekha pamachira. Anatulutsa fulashi m'sokosi n'kubaya. Linakisi inayaka kuchokera m'fulashimo. Anatiyang'ana mmodzimmodzi, makamaka ine.

Hadi inazungulira. Panalibe tiki. Pasikirini panatuluka zinthu za a Lenard, mzere wautali wosatha, koma chilichonse dzina lake linali manambala okhaokha, monga zinachokera m'foni. Tizithunzi toonetsa zimene zili mkati sitinkatuluka, ndipo a Pilato anati kudikira kuti tituluke n'kutha mphamvu za wodwala.

"Mayi, lozani. Nthawi ndi yochepa."

"Ndiloze chiti, bambo? Zonse zikufanana."

"Chilichonse. Mtima ukuuzeni."

"Mtima sudziwa manambala."

Evance anati titenge choyamba. Ine ndinati chomaliza. Mnzake wa batire anati chachikulu kwambiri, poti munthu wofunika sangakhale m'kanthu kakang'ono. Mayi Agatha analoza chachikulucho. Chinayamba kukopeka pang'onopang'ono ngati nkhono. Dzuwa linatulukira paphewa la phiri n'kuyamba kukwawira pakhonde. A Pilato anavula jekete n'kutchinga, ine ndinatchinga ndi thupi langa lomwe anandinyozera lija, Evance ankakupiza ndi chivundikiro cha poto. Chitangomaliza kukopeka, tinamva tiki. Kenako tiki, tiki. A Pilato anazimitsa hadiyo msanga.

Anatsegula chimene tinapulumutsa. Inali vidiyo. Munaoneka bwalo la nyumba ya ku Limbuli namondwe asanabwere, ndi mzimayi atawerama akusankha kalongonda m'lichero. Anali mayi Agatha eni ake, akuoneka kumsana. Wojambula sankaoneka. Tinangomva kutsokomola, kenako mawu a bambo akuseka chapansipansi: "Agatha, tatembenukani. Tatembenukani kamodzi kokha, ndione ngati chikujambula." Mzimayi wa m'vidiyoyo, osatembenuka, anawauza kuti asiye zachibwana akamangirire mbuzi.

Ndinkafuna kuseka, poti tinakweza ofesi yonse pa Chambe kuti mayi akaone msana wawo. Koma palibe anaseka. Mayi Agatha anapempha kuti abwereze. Anabwereza. Anapemphanso, mpaka inveta inayamba kulira kuti batire yatha.

Tinatsika phiri. Titafika pagolosale a Pilato anauza mayiwo kuti nkhope ilimo ndithu, iwo aimva ndi khutu, koma hadi yatopa. Ipume m'filiji mpaka Juni winayo, tidzakwerenso chisanu chikadzalimba, ndipo ulendo umenewo tidzasankha tating'onoting'ono. Mayi Agatha anang'amba kansalu kuchitenje chawo n'kumangirira pajumbo, n'kubwerera ku Limbuli ndi mawu a amuna awo m'fulashi.

A Pilato anamwalira mu Okutobala, dzuwa likuswa mtengo, monga munthu amene mdani wake, kutentha, anamupeza. Ku mochale anawaika m'filiji yeniyeni, yozizira kuposa ya a Osman. Evance ananong'ona kuti tidikire pang'ono, mwina adzuka kwa kanthawi tikopere zimene zili m'mutu mwawo. Tinaseka mpaka misozi, kenako misoziyo inakana kusiya.

Lero pakhonde paja pali mayi wogulitsa nanazi. Kompyuta ikalira tiki, anthu amangoiyang'ana, n'kuiphimba ndi nsalu. M'filiji mwa a Osman mudakali mahadi angapo opanda mayina, poti mwini ntchito ankawazindikira ndi khutu. A Osman, omwe ankadandaula tsiku lililonse, akukana kuwachotsa, ndipo nkhuku ndi zimene zikupanikizana.

Juni anafika. Ine ndi Evance tinaima pamsewu kuyang'ana mtambo pa Chambe. Iye ali ndi msana, ine kambalame ndili nako kunyumba, koma palibe mwa ife amene amadziwa pobaya, pogwira, ndi nthawi yozimitsa. Tinaopa kuti tikangoyesa, tidzamaliza nkhope ya munthu ndi manja athu.

Magetsi akazima, foni ya a Osman imalira. Amadziwa kale kuti ndi ku Limbuli. Amatsegula filiji, kukankha mafirizi, kugwira jumbo ya kansalu ija ndi kuseri kwa dzanja ngati akuyeza mwana malungo, n'kuyankha kuti, "Akadali ozizira, mayi. A Lenard alimo."