Alamu Anga Asanduka Chidole M'ndege Yankhondo

Inu, tamverani. Izi anandiuza ndi alamu anga, aja ankayendetsa ndege zankhondo, ndipo Ambuye ndi mboni, sindithirako mchere.

Akuti: "Alamu, ndege yanga ija itakalamba anaikokera kunyumba yosungirako zinthu zakale, n'kundiitana kumwambo. Ine ndinkangofuna chimodzi: andijambule ndili pampando wanga, adzukulu adziwe kuti agogo awo anali munthu. Ndinatulutsa ovololo yausilikali. Mlongo wanu akuti, 'Bambo, mimba imeneyo ikwana?' Ine ndikuti, 'Mayi, msilikali sanenepa, amangokhwima.' Zipi tinaikoka awiri, ine nditasiya kupuma.

"Pokwera makwerero a ndege, ovololo kumbuyo kwee, yang'ambika! Ndinati palibe kanthu, ndikakhala pansi aona ndani? Ndinadzikanikiza mpaka ndinalowa ngati chotsekera botolo. Koma manjawa, alamu, sanamve kuti tinapuma ntchito. Okha anamanga malamba, okha anakoka chivindikiro chagalasi, khwa! Kufufuza chotsegulira, kulibe. Anachichotsa pokonza ndegeyo kuti ikhale yongoonera.

"Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma atsekule ndi chiyani? Akuluakulu anaomba m'manja poyesa kuti ndi mbali ya mwambo, n'kupita kukamwa tiyi. Makaniko wodziwa kutsegulira kunja naye analondola tiyiyo.

"Kenako ana asukulu mbwee! Ndinati ndikakuwa, ulemu wanga uthera pompano. Ndinangouma gwa, maso kutsogolo.

"Aphunzitsi akuti, 'Onani chidole ichi, ana inu. Oyendetsa ndege ankavala chonchi.'

"'Aphunzitsi, achiika thonje lambiri!'

"'Chikutulukanso thukuta!'

"'Ndi phula limenelo, likusungunuka.'

"Ndinapirira, alamu, mpaka fumbi linalowa m'mphuno. Nditayetsemula, woyamba kufika pakhomo anali aphunzitsi.

"Makaniko anabwera n'kutsegula, koma mimba inakana kutuluka. Asilikali akukoka, ine ndikubuula, mlongo wanu n'kuuza mkulu wa pamalopo kuti, 'Musavutike, achimwene, asiyeni momwemo. Zonse ziwiri n'zakale. Muzingowapukuta fumbi.'"

Apa ine ndinawerama ngati ndikupemphera. Kenako ndinafunsa mofatsa ngati chithunzi chija chinatheka.

"Chinatheka," anatero. "Wojambula anabwerako kutiyi pamene ankandizula, ndipo anaima kumbuyo kwanga. Adzukulu anachipachika pabalaza."

Ndinawapempherera ndithu alamu anga, Mulungu andikhululukire, koma nditamaliza kuseka.