Sizasi ya Malemu pa Maginito

Dongosolo lonse linabadwira m'bala, pa botolo lachinayi la mlamu wanga, mchimwene wa malemu mkazi wanga. Ine ndinali ndikadali pa loyamba.

Mlamuyo anabwera ndi mnzake wotchedwa Dokotala. Dzinali analipeza chifukwa anakolopapo m'chipatala miyezi itatu asanachotsedwe ntchito.

"Madala, tcherani khutu," anatero Dokotala. "M'chipatala muja muli makina a MRI, ojambula m'kati mwa munthu. Ena asanawajambule amawabaya timankhwala mumtsempha kuti chotupa chiwale pa chithunzi. Timankhwalato kutiona ngati madzi. Koma muli chitsulo chosowa, golide ndi mwana!"

"Unawaonapo, aise?" anafunsa mlamu.

"Chipindacho ankandiletsa kulowamo ndi ndowa yanga. Ndiye ganizani nokha zomwe akubisa."

Mlamu anamenya tebulo. "Lamlungu masana, onse ali ku nkhomaliro. Alamu, inu mukhala wodwala. Simulankhula kale."

Sindinayankhe. Iwo anati ndavomera. Ukwati wanganso unayamba choncho.

"Koma sizasi ya achemwali muisiye kunyumba," anawonjezera.

Mkazi wanga anali telala. Chimwalirireni, zaka zisanu ndi chimodzi tsopano, sizasi yake imakhala m'thumba lam'kati la jekete langa. Ndinagwedeza mutu movomera. Lamlungu ndinaitenga.

Dokotala anavala chijasi choyera chobwereka kwa wogulitsa nyama. Mlamu anamangirira chitsulo chophwanyira maloko m'kati mwa mwendo wa buluku, nkumayenda ngati wathyoka bondo. Ine anandikhazika pa mpando wamatayala wa odwala. Palibe anatifunsa kanthu, ndipo ndinayamba kudziona ngati shasha.

Pa chitseko cha chipinda cha makinawo panali chikwangwani chofiira. Anajambulapo makiyi, mpando wamatayala ndi sizasi, zonse zodulidwa ndi mzere.

"Taonani apo," ndinatero.

"Lamlungu amazimitsa, madala," anatero Dokotala, nkukankha chitseko.

Sazimitsa.

Mpando unayamba kuyenda wokha. Ndinachira pomwepo, ndinadumpha. Mpandowo unathamanga nkukamatirira pakamwa pa makina, phwa! Mwendo wa mlamu unanyamuka ngati wa galu pamtengo, mwini wake akutsatira ndi mwendo umodzi. Kenako thumba langa linang'ambika. Sizasi inauluka nkukadziphatika pambali pa mpando.

Dokotala sitinamuonenso. Mlamu anavula buluku, nkulisiya likulendewera pa makina.

"Alamu, tiyeni!"

"Sizasi."

"Ndikugulirani ina!"

"Ayi."

Anathawa ndi kabudula wam'kati yekha. Chiphaso chake chinatsala m'thumba la buluku.

Ine ndinagwira sizasi ndi manja awiri nkumakoka. Siinasunthe. Ndinali ndikukokabe pamene mayi woyendetsa makinawo analowa ndi alonda awiri, atawavulitsa malamba ndi mawotchi awo pakhomo.

"Bambo, mukutani?"

"Ndikutenga sizasi ya mkazi wanga."

Anayang'ana mpando, buluku, kenako ine. "Awa ndi maginito, bambo. Mwaimitsa odwala a sabata yonse. Mumafuna chiyani?"

"Timankhwala ta golide."

Anaseka mpaka anagwira khoma. Timabotoloto, akuti, timakhala chipinda china, ndipo kunja kwa chipatala palibe angatigule.

Dokotala anagwidwa pa khonde. Namwino wina, poona chijasi, anamukokera kwa munthu wovulala mutu. Dokotalayo ataona magazi anakomoka. Mlamu anamupeza pa geti, akukambirana ndi woyendetsa njinga yamoto amene amakana kunyamula munthu wopanda buluku.

Ine ndinakana kuchoka. Alonda anandikoka, ndinakana. Mapeto ake mayi uja analamula onse awiri kukhwekhwereza sizasi pang'onopang'ono mpaka inamasuka. Anaiika m'manja mwanga yekha, ndipo ndinatuluka nawo bwinobwino kukadikira apolisi.

Malemu ankati sizasi yakeyo isamatuluke m'nyumba. Zaka makumi awiri za ukwati, sindikumbukira tsiku limene analakwitsa.