Mundibwezere Mayi Wamagalasi Uja

Kwa Bwana Mkulu wa Chipatala cha Uphungu,

Bwana wanga wolemekezeka,

Ndagwada mpaka mawondo achita zikang'a. Ndine dalaivala wa lole uja amene ndikaseka pabenchi yanu yodikirira mawindo amanjenjemera. Pamsewu palibe wondiposa, funsani aliyense. Kungoti chichitikireni ngozi ya pamlatho imene inatenga mlamu wanga, ndikagwira chiwongolero manja amavina okha. N'chifukwa chake ndimabwera kwanuko. Lero ndati ndithokoze.

1. Zikomo pondichotsera mayi wamagalasi uja, mphungu wanga woyamba. Anali woopsa mayi ameneyu. Ndikamuuza kuti ndinapitirirapo ndege pachitunda, sankaseka. Ankangondiyang'ana phee mpaka bodza lifooke lokha. Ndinamuzolowera, nayenso anandizolowera. Tsiku lina ndinapezeka ndatchula dzina la mlamu wanga, chimunthu chonsechi n'kunyowetsa kolala ndi misozi. Tinatsala pang'ono kufika pamlatho. Mwamwayi inu munatulukira nzeru yosintha aphungu sabata iliyonse, akuti kuti odwalafe tilawe onse. Munandilanditsa, bwana.

2. Zikomo chifukwa tsopano ndimabadwa sabata iliyonse. Mphungu watsopano aliyense amati tiyambire paubwana, ndipo ndikangofika pomera mano nthawi yatha. Kwa wandevu uja ndinabadwira m'basi. Kwa watayi yofiira ndinabadwa layisensi ili m'manja, iye n'kugwedeza mutu kuti zimachitika. Za ngozi palibe wazimva, pakuti mlendo ine sindimuvulira mtima.

3. Zikomo kwambiri chifukwa cha bambo wa sabata yatha, wonunkhira uja. Ananditchula dzina la wodwala wina, ine n'kuvomera, ndine waulemu. Anaseka nthabwala zanga mpaka kumaliza tishu imene mumaikira odwala. Kenako ananena kuti munthu wansangala chonchi wachira basi. Mkazi wanga, amene mpaka lero sindinamuuze mmene mchimwene wake anatsikirira kuli chete, anafunsa ngati bamboyo anandionapo hutala ikalira kumsewu, mmene thukuta limachitira kamtsinje kumsana. Ndinamuuza kuti asamatsutsane ndi sukulu.

Tsono kuntchito amva kuti ndachira. Akuti Lolemba ndinyamule katundu, apo ayi makiyi apatsa wina.

Pempho langa ndi laling'ono ngati nsabwe. Mayi wamagalasi uja sanapite kutali, ali m'chipinda choyandikana, ndimamumva akutsokomola kuseri kwa khoma. Mundibwezere, timalize zimene tinayamba. Koma ngati nzeru yanu siilola, sinditsutsa, ndine ndani ine. Ingobwerani Lolemba mudzakwere nane kutsogolo, mudzaone nokha ntchito ya manja anu. Lamba ndakukonzerani, ndipo mudzadye mopepuka.

Ine kapolo wanu wochira mosadziwa,

Dalaivala wa lole