Njerwa Zanga za mu Epulo

Mukadzafika kwa Malengachanzi n'kumva anthu akuitana munthu wamkulu ndi ndevu zake kuti "a Phala", musadzavutike kufunsa. Ndikuuziranitu ndekha, chifukwa akakuuzani alamu anga athiramo mchere.

Ine kwathu ndi ku Kasungu. Ku Nkhotakota ndinabwera kudzadula nzimbe, n'kukwatira konkuno, chikamwini. Tinkagona m'kanyumba komwe kale kanali khitchini ya apongozi, kodontha, kakuda bii ndi mwaye. Mkazi wanga atakhala ndi pakati, ndinalumbira kuti mwana wanga woyamba sadzafikira m'khitchini ya eni. Tinkamuyembekezera mu Ogasiti.

Kwathu Malichi akamatha, mvula imakhala yatsanzika. Dothi limakhala likadali lofewa, madzi pafupi, dzuwa lokwanira. Choncho Epulo atangolowa ndinabwereka chikombole n'kuyamba kuponda matope kuseri kwa nyumba. Chinandidabwitsa n'chakuti m'mudzi monse panalibe wina woumba njerwa. (Mumtima ndinati anthu a kunyanja ndi aulesi. Ndikupepesa.)

"Bwanji osadikira Juni?" anafunsa mkazi wanga.

"Mlendo ndiye amadza ndi kalumo kakuthwa," ndinayankha. "Juni ife tidzakhala tikufolera."

Tsono apongozi anga aakazi ndi munthu wa mwambo. Chikwatirireni tinali tisanayankhulanepo maso ndi maso, ndipo tikakumana panjira wina ankapatuka. Akakhala ndi mawu oti andiuze, ankauza bakha wawo mokweza. Tsiku lachitatu, ndili matope mpaka m'mawondo, ndinamva akuti:

"Iwe bakha, mitambo yakhala pamapiri apo waiona? Mwera ukayamba, ukabisale."

Ndinamva bwinobwino. Koma ndinati zimenezo n'za bakha.

Patatha sabata ziwiri bwalo lonse linali mizeremizere ya njerwa, ine n'kumaziyendera manja ali m'chiuno. Ndinaimbiranso foni achimwene ku Kasungu, omwe ananditsimikizira kuti kumwamba kuli mbee, anthu ayamba kukumba mtedza. (Sindikudziwa chomwe ndinkafunsira za kumwamba kwa ku Kasungu njerwa zili ku Nkhotakota.) Apongozi anatumiza mitolo iwiri ya udzu woti ndifunditse njerwazo. Udzuwo ndinkaukhalira podya chinangwa.

Loweruka masana mwera unayamba. Mitambo inachoka kunyanja, kudutsa pamutu pathu, n'kukaunjikana kumapiri a kumadzulo. Ndinati yapita imeneyo. Ndisanamalize n'komwe kudzitama, mvula inayamba kukhuthuka. Ndinathamanga ndi mphasa, kenako chitenje cha mkazi wanga, pomaliza ndinavula malaya n'kufunditsa njerwa zinayi. Ndinanyamula ziwiri kuti ndizithawitsire pakhonde, koma zinasungunukira m'manja, ine n'kuterereka, kugwa chagada pakati pa phala lonselo. Alamu anga anali pakhonde akuonerera, ndipo dzina lija linabadwira pomwepo.

Inagwa masiku atatu. Tsiku lachinayi ndinakhala pachitsa ndikuyang'ana matope aja, ndipo kunena zoona ndinalira. Thukuta langa silinandiwawe kwenikweni. Chinandiwawa ndi mwana amene ndinamulonjeza nyumba asanabadwe.

Ndinamva mapazi kumbuyo. Apongozi anakhala pansi chapatali pang'ono, bakha palibe.

"Bambo," anatero. Ndinacheuka kuti ndione amene akumuitana. "Ndikunena inuyo. Mphepo ikamachoka panyanjapa imakhala itasenza madzi. Ikafika pamapiri apo imakwera, kumwambako n'kozizira, katundu uja amailemera, ndiye imatula mbali ya kuno. Kwanu kuseri kwa mapiri imafika chimanjamanja. N'chifukwa chake inu mumalima mtedza, ife mpunga. Mvula ya kwanu ikamatsanzika, yathu imakhala ikadali pamkeka."

"Ndamva, amayi," ndinatero, maso ali pansi.

"Munthu wolirira nyumba ya mdzukulu wanga sindingamuyankhule kudzera mwa bakha. Juni akafika, musadzaumbe nokha."

Juni atafika, alamu onse anabwera ndi zikombole zawo. Anandiseka kuyambira m'mawa mpaka poweruka, koma manja awo sanapume. Mu Julayi tinaotcha uvuni. Mwana, wamkazi, anafulumira kubwera titangofolera chipinda chimodzi, chitseko tisanaike. Pochokera kuchipatala apongozi anamunyamula okha, kulowa naye m'chipindamo, n'kundiitana kuti ndidzamulandire m'nyumba mwanga. Ndinamulandira, ndipo sindinasangalalepo chotero chibadwire.

Mwina mukuti ndinaphunzira. Pang'ono. Chaka chino ndadzala mtedza wa ku Kasungu m'mphepete mwa dambo la mpunga, ndipo apongozi andiuza kale maganizo awo, pamaso.